Galimoto Yowira Ikangoima: Zolemba za Ntchito ya Mafani ndi Rediyeta

Loweruka m'mawa

Vuto lake lili motere. Galimoto ikamathamanga pamsewu wotakasuka, kamuvi ka geji ya kutentha kamakhala bwinobwino, nthawi zina kutsikirako pansi pa theka. Ikangoima pa maloboti kapena kulowa mu mdipiti wa magalimoto, kamuvi kaja kamayamba kukwawa kulunjika kofiira. Ndikayatsa hita mpaka kumapeto kamabwerera pang'ono, msewu ukatseguka kamatsikiratu. Ulendo womaliza, nditazimitsa injini, madzi ankamveka kubwata m'kabotolo ka pambali pa rediyeta. Ndaiimika, ndipo siyendanso mpaka chimene chikuidya chipezeke.

Galimotoyi ndi ya ku Japan, ya zaka za m'ma 1990, injini ya petulo ya masilinda anayi, hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) ya aluminiyamu. Hediyo ndi imene ikundisowetsa mtendere. Aluminiyamu sapirira kutentha kopyola muyeso. Hedi imapindika, gasiketi yomata hedi ku injini n'kupsa, ndipo ntchito imene ikanatheka ndi sipanala ya 10 imasanduka yophwasula theka la injini.

Mmene kamuvi kakuchitiramu, nkhani ili pa mphepo. Rediyeta payokha siziziritsa kanthu. Ntchito yake ndi kugawa madzi otentha m'timachubu tambirimbiri kuti mphepo yodutsa itenge kutenthako. Galimoto ikamathamanga mphepo imabwera yokha. Ikaima, mphepoyo imayenera kukokedwa ndi mafani. Injini ya galimoto ino inagona chopingasa, choncho ilibe fani yoyendera lamba. Ili ndi mafani awiri a magetsi, ina ya rediyeta, ina ya kondensa, karediyeta ka AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto). Hita nayo ndi karediyeta kakang'ono kobisala m'dashibodi, n'chifukwa chake imapepuzako injini ikayatsidwa. Ndipo poti hitayo ikutulutsa mpweya wotentha ngakhale galimoto itaima, madzi akuzungulira ndithu, pampu sinafe. Hita ikamapuma mpweya wozizira injini ili phuliphuli, pamenepo ndiye pamakhala pooneka kuti madzi achepa kwambiri kapena pampu yasiya kukankha.

Ndisanakhudze waya ndi mmodzi yemwe, ndayamba ndi zooneka ndi maso, injini itagona usiku wonse. Chotsekera rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi a m'katimo amakhala opanikizika ndipo amatuluka ndi nthunzi yosupula khungu. Madzi ndawapeza otsika, timachubu ta pamwamba tikuonekera. Mtundu wake ndi wofiirira ngati mtsinje wa m'dzinja, kusonyeza kuti kulanti, mankhwala osakaniza ndi madzi a rediyeta, anasiya kalekale kulowa muno. Oyilo ndi wakuda bwino, pansi pa chotsekera chake palibe zoyererako zija zimene zimabwera oyilo akasakanikirana ndi madzi. Paipi ya pamwamba ndi yolimba, ya pansi yafewa pafupi ndi kilampu. Lamba wa pampu ndi womangika. Pakati pa kondensa ndi rediyeta panadzaza udzu, fumbi ndi tizilombo touma, ndipo ndatsukapo ndi madzi opanda mphamvu kuchokera mbali ya injini kuti timapepe ta rediyeta tisapindike.

Kenaka ndathira madzi, kuliza injini, n'kuisiya ikulira galimoto ili chiimire. Sindinadalire geji ya pa dashibodi. Mageji ambiri anapangidwa kuti kamuvi kazikhala pakati osasuntha ngakhale kutentha kukusintha ndithu, ndiye pamene kayamba kukwera zinthu zimakhala zitafika kale patali. Ndagwiritsa ntchito choyezera kutentha cholozera, chija cha infrared. Paipi ya pamwamba inafika madigiri 97, mafani onse awiri ali zii. Ndazimitsa.

Pali china chimene ndachiona, ndikuchilemba kuti ndisaiwale. Injini inachedwa kwambiri kutentha, ndipo rediyeta inayamba kufunda kuyambira pachiyambi penipeni. Siziyenera kutero.

Loweruka madzulo

Tsopano ku magetsi. Lamulo langa pano ndi loti zala zisayandikire mapiko a fani kiyi ali pa ON, chifukwa fani ya magetsi imanyamuka osachenjeza.

Fyuzi ya fani ndi ya maampu 30. Ndaiyeza ndi mita yoyezera magetsi, osati ndi maso okha, popeza fyuzi imatha kuduka mobisika. Ili bwino.

Chimene chimalamula fani pa galimoto ino ndi swichi yomangidwa pa chigoba cha themositati (kavavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha), mutu wake uli m'madzi. Kagwiridwe kake ka ntchito kamasokoneza anthu ambiri, ndiye ndikafotokoze bwino. Madzi akakhala ozizira, swichiyi imalumikiza waya wa rileyi (swichi ina yoyendetsedwa ndi magetsi) ku ethi, ndiye kuti ku bodi ya galimoto yolumikizidwa ku negetivu ya batire. Rileyi ikalandira magetsi imakoka, ndipo kukokako kumadula magetsi opita ku fani. Madzi akafika madigiri pafupifupi 93, swichi imadula ethi uja, rileyi n'kumasuka, fani n'kunyamuka. Akazizira kufika cha m'ma 83, swichi imalumikizanso, fani n'kuima. Amene anaganiza zimenezi anaganiza mwanzeru, chifukwa waya akaduka kapena pulagi ikavuka, fani imangozungulira osaleka m'malo moti ife. Magalimoto ena ndi osiyana. Swichi yawo imalumikiza madzi akatentha, ndipo poyesa pamafunika kulumikiza mapini awiri a pulagi ndi kawaya. Magalimoto atsopanoko alibe n'komwe swichiyi, kompyuta ya injini ndi imene imalamula rileyi potengera sensa ya kutentha. Musanalowetse kawaya m'pulagi iliyonse, dziwani kaye kuti galimoto yanu ndi ya gulu liti, chifukwa pulagi ya sensa imapita ku kompyuta.

Pa yangayi kuyesa n'kosavuta. Kiyi pa ON, n'kuzula pulagi ya swichi. Marileyi anamveka kuti tha, fani ya kondensa inanyamuka mwamphamvu, ya rediyeta osasuntha.

Kuyesa kumodziku kwandiuza zinthu ziwiri. Choyamba n'chodziwikiratu, kuti njira ya fani ya rediyeta ili ndi vuto penapake pakati pa rileyi, mawaya ndi mota. Chachiwiri n'chobisika. Fani ya kondensa ndi yamoyo, ndipo imamvera swichi yomweyi. Nanga bwanji m'mawa muja, madzi ali pa 97, sinazungulire? Ndiye kuti swichi nayo sikudula madzi akatentha. Mavuto alipo awiri. Ndikanangothamangira kukagula mota ya fani, ndikanabwera nayo n'kupezabe galimoto ikuwira.

Rileyi ya fani ya rediyeta ndaichotsa n'kuiyeza. Koyilo yake, waya wokulungidwa umene umakoka, ikuonetsa maomu (muyeso wa kukaniza magetsi) pafupifupi 75, zomwe ndi zabwino, poti marileyi ang'onoang'ono a 12V amakhala pakati pa 50 ndi 120. Pa marileyi otsata manambala a DIN (muyezo wa ku Germany), koyilo imakhala pa mapini 85 ndi 86, magetsi amalowera pa 30, n'kutulukira pa 87 rileyi ikakoka kapena pa 87a ikamasuka. A ku Japan amalemba manambala awoawo, koma kachithunzi ka pa chigoba kamafotokoza zonse. Anthu amakonda kuyesa rileyi posinthanitsa ndi ya hutala. Pano zimenezo n'zosocheretsa, chifukwa ya hutala imalumikiza ikakoka pamene ya faniyi imadula ikakoka, ngakhale maonekedwe atafanana. Ndaipatsa magetsi a batire pa koyilo, ndipo ikudula ndi kulumikiza monga mwa ntchito yake.

Pa pulagi ya mota mita inaonetsa mavolti 12.3. Munthu akhoza kunena kuti mawaya ali bwino, koma mita sikoka magetsi. Ngakhale kaulusi kamodzi ka mkuwa katatsala m'waya wothothoka, mita ionetsabe 12. Ndiye ndalumikiza babu ya nyali ya kutsogolo ya mawati 55, imene imakoka maampu oposa anayi, kuti waya asenze katundu weniweni. Babu inayaka mofooka. Babu ili chiyakire, ndayeza kuchokera pa pini ya ethi ya pulagi kukafika pa negetivu ya batire, ndipo panapezeka kuti volti yathunthu ndi kanyenyeswa ikutayikira panjira. Pamayenera kutayika 0.2 kapena kucheperapo. Ndatsata wayayo mpaka pa bawuti yomangira ethi ku bodi, kumunsi kwa batire. Dzimbiri lokhalokha, ndi zobiriwira za asidi. Ndapala mpaka chitsulo kuwala, kumanga, kupakapo girizi pamwamba. Kutayika kwatsikira pa 0.1, babu n'kuwala bwino. Pini imodzi ya pulagi inada ndi kutentha, pulasitiki yozungulira inasungunuka pang'ono. Imeneyo isinthidwa.

Mota yokhayo ndaipatsa magetsi kuchokera ku batire kudzera pa waya wokhala ndi fyuzi. Palibe chinachitika. Nditaigogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva inadzidzimuka, kuzungulira mwaulesi, n'kuimanso. Mabulashi amenewo, timakala timene timapereka magetsi ku mbali yozungulira ya mota.

Lamulungu

Ndaitsegula mota. Bulashi imodzi yatha mpaka kasipuling'i kakukhudza mkuwa, inayo yatsala kachidutswa ndipo yakanirira m'kanjira kake ndi fumbi lakuda. Mkuwa wozungulira umene mabulashi amakhudza wakumbika ngalande, ndipo shafuti ikugwedera. Kukanakhala kuti atha ndi mabulashi okha, ndikanaika ena. Koma ndi mkuwa wokumbika chotere, mabulashi atsopano adzadyeka msanga, ndipo shafuti yogwedera imachititsa mota kukoka magetsi ochuluka, komwe mwina ndi komwe kunaotcha pini ija. Ndifuna mota ina.

Poyang'ana chithunzi cha mawaya ndamvetsanso chifukwa chake AC inkafooka galimoto ikaima. Mafani awiriwa ali ndi liwiro la mitundu iwiri. AC ikangoyatsidwa, marileyi amawalumikiza mondondozana, magetsi n'kudutsa mu mota yoyamba kenaka yachiwiri, iliyonse n'kulandira pafupifupi theka la mavolti, n'kumazungulira pang'onopang'ono. Madzi akatentha kapena gasi wa AC akapanikizika kwambiri, iliyonse imapatsidwa mavolti 12 akeake. Ndiye mota imodzi ikafa, pa liwiro laling'ono lija inzakenso imaima, chifukwa njira yaduka. Munthu wosadziwa akhoza kutaya mafani onse awiri.

Amakaniko ena achikulire amene ndimawafunsa nzeru anadutsa n'kusuzumira m'boneti. "Achimwene, mukudzivutitsiranji? Mukapeza motayo ingoilumikizani ku kiyi, izizungulira nthawi zonse. Swichi mutaye."

"Ndamva, bambo," ndinatero, "koma ndiloleni ndione kaye ngati swichi yake ikupezeka."

Nzeru imeneyi ndi yofala, ndipo panjira, pofuna kungofika kunyumba, ndi yothandiza. Ngati njira yokhalitsa sindigwirizana nayo. Mota yopangidwa kuti izigwira ntchito mwa apo ndi apo ikamazungulira ulendo wonse, mabulashi ake sachedwa kutha, ndipo tsiku limene idzafe palibe chidzakuchenjezeni. Alitaneta imasenza katundu wosafunikira. Magetsi a fani akamadutsa pa swichi ya kiyi popanda rileyi, amaiotcha. Choipa kwambiri n'choti fani yosaleka imaphimba matenda ena a rediyeta mpaka atakula.

Lachitatu madzulo

Mota yapezeka, yogwirapo kale ntchito koma shafuti yake sigwedera. Ndisanaimange ndaiyesa pa batire. Ikunyamuka yokha popanda kugogoda, ikukoka maampu pafupifupi asanu ndi atatu ikakhazikika. Pulagi yopsa ndaidula n'kuika ina, mawaya ndawotcherera ndi sodala m'malo mongopota.

Mota ya mtundu uwu ikalumikizidwa mosemphanitsa mawaya imazungulira chobwerera. Phokoso limamveka lomwelo, koma mphepo imakankhidwira kutsogolo, n'kumalimbana ndi mphepo ya pamsewu. Poyesa ndaika pepala kutsogolo kwa kondensa fani ikuzungulira, ndipo pepala linamatirira, kusonyeza kuti ikukokera mphepo ku injini monga ziyenera kukhalira. Chigoba cha pulasitiki chozungulira fani chinali chothyoka pakona, ndachimata. Chigobachi si chokongoletsera. Ndi chimene chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera mu rediyeta yonse osati m'mbali.

Swichi ndaimasula n'kuiyesa mumphika wa madzi pamoto, mutu wake wokha uli m'madzi, mita ili pa mapini, choyezera kutentha chili pambali osakhudza pansi pa mphika. Madzi anadutsa 93, kufika powira, swichi ili chilumikizire. Yafa. Yatsopano mumphika womwewo inadula pa 93 n'kulumikizanso madzi atazizira kufika cha m'ma 84. Kwa amene amakhala kumalo okwera, kumbukirani kuti madzi amawira msanga, digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera. Pamalo okwera kwambiri madzi a mumphika akhoza kuwira asanafike pomwe swichi imadulira, munthu n'kutaya swichi yabwinobwino.

Poti ndinali kale pamenepo, ndayezanso sensa imene imauza kompyuta kutentha kwa madzi. Injini ino ili ndi tizipangizo titatu tofanana maonekedwe, swichi ya fani, sensa ya kompyuta ya mawaya awiri, ndi ka waya mmodzi kopita ku geji. Sensa ya kompyuta imayenera kuonetsa maomu pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Yanga ikutsatira bwino.

Ndamanga zonse, kuliza injini. Mafani ananyamuka okha, kuzungulira kanthawi, n'kuima okha. Mbali ya magetsi yatha.

Loweruka lotsatira

Mu mdipiti wa magalimoto kamuvi sikakusunthanso. Koma pa chikweza chachitali, AC ili yoyaka, kanayamba kukwera pang'ono, ndipo potsetsereka kanagwa mpaka pafupi ndi pozizira. Apa mafani alibe mlandu, chifukwa pa liwiro limenelo mphepo ya pamsewu imaposa ya fani. Kutentha pa chikweza kukutanthauza kuti rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga. Kuzizira potsetsereka kukugwirizana ndi zija ndinalemba tsiku loyamba.

Ndakhetsa madzi n'kumasula chigoba cha themositati. Mulibe themositati. Wina m'mbuyomu anaichotsa n'kumata chigobacho ndi silikoni.

Zimenezi zikufotokoza mbiri yonse ya galimotoyi. Inayamba kutentha kalekale, mwina rediyeta itayamba kutsekeka, ndipo m'malo mofufuza anangochotsa themositati. Anthu amaiona ngati chotchinga madzi chopanda phindu, makamaka kumadera otentha. Koma ntchito yake si kutenthetsa injini chabe, ndi kuisunga pa kutentha kumodzi. M'kati mwake muli phula limene limafufuma likatentha n'kukankha kavavu. Ya injini ino imayamba kutseguka pa madigiri 82, n'kutsegukiratu cha m'ma 95. Ikachotsedwa, injini imayenda nthawi yaitali ili yozizira, kompyuta n'kumaonjezera petulo poganiza kuti injini sinatenthe, petulo wotsalayo n'kumatsuka oyilo m'makoma a masilinda. Pa injini zina, kuphatikizapo ino, themositati ili ndi kambale kumbuyo kamene kamatseka njira yachidule ya madzi ikatseguka. Popanda kambaleko, madzi ena otentha amangozungulira m'injini osapita ku rediyeta, ndiye injini yopanda themositati imazizira pamene siyenera kuzizira, n'kutentha pamene yalemedwa. Pali ena amati popanda themositati madzi amathamanga kwambiri moti sapeza nthawi yozizira mu rediyeta. Ine zimenezo sindizikhulupirira. Madzi othamanga amazizira pang'ono pa ulendo umodzi, koma amadutsa maulendo ambiri. Vuto ndi njira yachidule ija.

Yatsopano ndaiyesa mumphika ndisanaimange, ndipo inatseguka pafupifupi mamilimita 8 madzi akuyandikira kuwira. Pa mkombero wake pali kabowo kokhala ndi kapini kogwedera. Kameneko kamayang'ana kumwamba pomanga, kuti mpweya uzitulukirapo pothira madzi.

Rediyeta ndinali nditaiyeza ndi cholozera chija ndisanakhetse madzi. Yabwino imakhala yotentha pamwamba, n'kumazizira pang'onopang'ono kutsika pansi, mofanana mbali zonse. Yangayi inali ndi mizere yozizira pakati, kusiyana ndi m'mbali ndi madigiri oposa 20. Timachubu timeneto tatsekeka ndi dzimbiri komanso miyala ya m'madzi a pampopi. Ndaichotsa, kuitembenuza, kuthira madzi chobwerera. Matope anatuluka ambiri, koma madzi akudutsabe mwaulesi. Thanki yake ya pamwamba ndi ya pulasitiki, ndipo yasintha mtundu kuchoka pa wakuda kufika pofiirira, chizindikiro choti yauma ndipo ili pafupi kung'ambika. Kuitsegula kuti timachubu titokosedwe kukufuna kupinda timano ta aluminiyamu togwira thankiyo, ndipo pa pulasitiki yotopa chonchi sindikuona kuti ingadzagwirenso. Ndaika rediyeta ina, pamodzi ndi paipi ya pansi ndi makilampu atsopano.

Chotsekera rediyeta n'chinthu chimene ambiri sachiganizira n'komwe. Pa changa palembedwa 0.9, kutanthauza bar 0.9, muyeso wa kupanikizika. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, koma akapanikizidwa ndi bar 0.9 amafika pafupifupi 119 asanawire, ndipo ndi kulanti amapitirirapo. Pa pampu yoyezera, changa chinayamba kutulutsa mpweya chisanafike ndi pa theka pomwe. Labala wake wang'ambika. Ndi chotsekera chotere madzi amawira msanga m'malo otentha kwambiri a mu hedi, nthunzi n'kukankhira madzi m'kabotolo, ndipo injini ikazizira sabwereranso onse. Kubwata kuja ndi kuchepa kwa madzi zikuchokera pamenepa. Chatsopano ndatenga cha 0.9 chomwecho. Cha mphamvu yoposa pamenepo chikanangofinya hita yakale ndi mapaipi ake.

Funso lalikulu linali loti kodi kuwira konseku kunasiya gasiketi ya hedi ili yamoyo? Ndaliza injini ndi madzi wamba, chotsekera chili chochotsa, n'kuika pakamwa pa rediyeta kachubu koyezera utsi. M'kachubumo mumakhala mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu pa injini ya petulo ngati utsi wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Ndapopa injini itatentha, themositati itatseguka, ndipo anakhalabe abuluu. Thovu losalekeza palibe, ku ekizosi kulibe utsi woyera wonunkhira motsekemera, mapulagi oyatsa petulo onse anayi ali ndi mtundu wofanana, palibe yooneka yotsukidwa ndi nthunzi. Kompuresheni (mphamvu yofinya mpweya) ya masilinda ikusiyana mosapitirira 10 peresenti. Hedi yapulumuka.

Lamulungu

Injini ndaitsuka ndi madzi mobwerezabwereza, hita ili yotsegula, mpaka otuluka ayera. Kenaka kulanti, theka kwa theka ndi madzi opanda mchere, aja amathira m'batire, osati asidi. Yonse ikulowa malita pafupifupi asanu. Kulanti yekhayekha wosasungunula si wabwino kuposa wosakaniza, chifukwa madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino, kulanti ntchito yake ndi kuletsa dzimbiri, kukweza powirira ndi kuteteza kuti madzi asaundane kozizira. Mtundu wa kulanti suuza zimene zili m'katimo, ndiye ndawerenga pa botolo kuti ndi woyenera aluminiyamu, ndipo sindidzasakaniza ndi wina. Wotayikira pansi ndatsuka nthawi yomweyo. Ethylene glycol, mankhwala a mu kulanti, amatsekemera, agalu ndi amphaka amanyambita, ndipo amawononga impso. Botolo lotsala lili pomwe ana sangafike.

Kuchotsa mpweya kumafuna kudekha. Ndaimika galimoto mphuno ili chokwera, kuika fanulo pakamwa pa rediyeta, kuthira pang'onopang'ono ndikufinya mapaipi. Injini ikulira, rediyeta inakhala yozizira kwa kanthawi ndithu, kenaka madzi a mu fanulo anatsika mwadzidzidzi, thovu n'kutuluka, rediyeta n'kutentha nthawi imodzi. Imeneyo ndi themositati ikutseguka. Ndadikira mafani anyamuke n'kuima, kenaka anyamukenso, ndipo pamenepo ndatseka n'kudzaza kabotolo kufika pa mzere wa FULL. Mpweya ukatsalira pafupi ndi swichi, mutu wake umakhala pouma, ndipo fani imachedwa kunyamuka ngakhale zonse zili zatsopano.

Itazizira ndaipopa ndi pampu yoyezera kufika pa 0.9. Kamuvi ka pampu sikanatsike, ndipo pansi pauma.

Lachisanu

Chikweza chija ndakwera AC ili yoyaka, kamuvi kali pamalo amodzi pokwera ndi potsika pomwe. Injini tsopano ikutentha msanga m'mawa. Madzi a m'kabotolo akukwera injini ikatentha n'kubwerera pa mzere ikazizira, kusonyeza kuti chotsekera chikugwira mbali zonse ziwiri. Ndinaonjezera pang'ono kamodzi kokha, mpweya wotsalira utatuluka.

Zatsala ziwiri. Pa kabowo ka pansi pa pampu ya madzi pali kamzere kouma koyererako. Sipakudontha, ndipo pule yake sikugwedera, koma ndi dzimbiri limene linali muno sindikukhulupirira mapiko a m'kati mwake. Ndidzaisintha nthawi imodzi ndi lamba wa taiming'i, poti zomasula zake n'zomwezo. China ndi mota ya fani ya kondensa, imene ndi yakale mofanana ndi inafa ija. Ndiiyeza maampu kumapeto kwa sabata ino, ndipo ikapezeka ikukoka mopitirira kapena shafuti ikugwedera, nayonso ituluka.